Tsamba Lopanda Adiresi Yake

Lachitatu, Marichi

Ndadzuka ndi mkwiyo womwe ndinagona nawo. Choipa n'chakuti amene anandichititsa manyazi dzulo sindidzamuona nkhope.

Sabata yatha, pa kompyuta ya kusukulu, ndinapeza webusaiti ya bungwe lina lomwe limalipirira ana a m'mapulazi maphunziro a Fomu 5. Ndinalowa mkati, kudina apa, kudina apo, mpaka ndinafika pa tsamba lonena kuti ngakhale ife amene agogo athu anachokera ku Malawi tingathe kupempha, bola tibweretse kalata ya ku pulazi yolembedwa ndi foromani. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu lino. Adiresi ya pamwamba ndinaikopera m'kope, chilembo ndi chilembo.

Ababa sanakane, koma anati, "Kwa foromani sapitako ndi mawu apakamwa, mwanawe. Akandifunsa kuti zalembedwa pati, ndiloze kumwamba?" Ankafuna pepala. Makina osindikizira a kusukulu anafa kalekale, ndipo iwo sandilola kukwera kombi, minibasi za kuno, ndekha. Choncho dzulo anapempha theka la tsiku, nthawi ino shedi itadzaza fodya wosankha, tinapita ku tauni ya Banket kwa mayi wina wosindikiza mapepala.

Ndinalemba adiresi ija pa kompyuta ya mayiwo. Panatuluka tsamba loyamba, la ana akumwetulira. Langa lija kunalibe.

"Walakwitsa kukopera," anatero mayiwo.

Sindinalakwitse. Webusaitiyo inagawidwa patatu: dzina la bungwe pamwamba, mndandanda wopyapyala kumanzere, nkhani pakati. Ukadina chilichonse chimasintha ndi chapakati chokha, adiresi ili chikhalire. Ndinayambanso kufufuza, Ababa ataima kumbuyo kwanga chipewa chili m'manja, anthu akuchuluka pamzere. Nditalipeza ndinati, "Sindikizani, amayi."

Pepala linatuluka ndi kamndandanda ka kumanzere kokha, kwina konse koyera. Kachiwiri zigawo zonse zinatuluka, koma nkhani ya pakati inadulidwa mawu a kalata asanafike, chifukwa anali m'munsi, kumene umafika ukatsitsa.

"Mwanangu, mapepala sindithyola m'tchire," anatero mayiwo, akukodola wotsatira.

Ababa anatembenuza pepalalo ngati kuseli kuli kanthu. "Ndi zimenezi tabwererazi?" Tinakwera kombi kubwerera ku pulazi. Titafika, ndinamva foromani akuwafunsa pamaso pa anthu ngati ku Banket anapeza digiri.

Lero ndawaonetsa mapepala awiriwo aphunzitsi athu a kompyuta. Angopukusa mutu. Akuti zimenezi ndi mafelemu: masamba atatu osiyana oikidwa pa windo limodzi, ndipo adiresi yomwe ndinakopera ndi ya windolo, osati ya tsamba langa. N'chifukwa chake sungaisunge, sungamtumizire mnzako, ndipo pa foni zigawozo zimapanikizana mpaka osawerengeka. Akuti odziwa ntchito anazisiya kale. Tsamba lililonse amalipatsa adiresi yakeyake, mndandanda n'kuubwereza pa lililonse, ndipo limasindikizika lathunthu. Kenako andionetsa kudina ndi batani la kumanja n'kutsegula chigawo chapakati pachokha. Adiresi yeniyeni yaoneka, yaitali, inali pomwepo masiku onsewa.

Zinangofunika kudina kamodzi. Ndikanadziwira kuti? Amene anakonza webusaitiyo ali ndi kompyuta yake pa desiki, akasochera amayambiranso akumwa tiyi. Analemba kuti akufuna ana a m'mapulazi, koma sanaganizepo za munthu amene wapempha theka la tsiku kwa foromani ndipo sangapemphenso lina. Ine ndikadzaphunzira kukonza mawebusaiti sindidzabisa tsamba chonchi.

Ababa akuti nkhaniyi tiisiye, chaka chamawa chiliko. Chaka chamawa ndidzakhala m'shedi pambali pawo, ndikudziwa.

Mawa sindilowa phunziro loyamba. Ndikwera kombi ndekha ndi adiresi yatsopanoyi, ndikasindikize tsamba lonse, ndiliwerenge mpaka m'munsi ndisanachoke m'sitolomo. Ababa akachita manyazi kubwerera kwa foromani, ndikagogoda ndine.