Mpeni wa a Orville

Alamu anga a Orville Stuckey ayendetsa basi ya sukulu kuno ku Iowa zaka makumi atatu, koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi odula nkhukundembo. Chaka chilichonse pa phwando lothokoza la mu Novembala amavala epuloni, n'kunola mpeni mphindi khumi, ife malovu ali chuchuchu. Akangogunda pang'ono nyama imagwa yokha, nthuli zofanana ngati buledi wa m'sitolo.

Chinsinsi tinkachidziwa awiri, ine ndi mlongo wanga Darlene, mkazi wawo. Chaka choyamba cha ukwati a Orville anadula nkhukundembo ngati akuwaza nkhuni, alendo mpaka kutola nyama pansi. Kuyambira pamenepo Darlene amaiduliratu kukhitchini, kuilumikizanso ndi timitengo totokosera m'mano, n'kuifunditsa khungu lake. Ankalumbira kuti amuna ake sadziwa.

Chaka chino Darlene anaterereka pa ayezi, dzanja m'chikhakha. Anandikokera kukhitchini.

"Iwe Floyd, gwira mpeni. Akadziwa bambo aja, manyazi awapha."

"Ine? Sukulu ndinaithawa chifukwa cha mizere yowongoka yomweyi."

"Dula apa, pakamwa ngati wailesi!"

Ndinadula. Timitengo tinapezeka tisanu tokha. Mbale ndinainyamula ngati khanda, n'kuikhazika pathebulo ndisakupuma.

A Orville anaimirira, nanola mpeni, n'kuyang'ana mkamwini wawo watsopano, Duane.

"Onetsetsani akamwini, izi kukoleji kwanu kulibe."

Ataweramira nyama ija, tsabola anawalowa m'mphuno. Anayetsemula kamodzi kokha. Nkhukundembo yonse phwasu! Miyendo uku, mapiko uko, nthuli mbwee m'mbale, mpeni udakali m'mwamba.

Darlene anandiponda chala mpaka ndinaona nyenyezi.

"Apongozi," anatero Duane maso ali tong'o, "osaikhudza n'komwe?"

A Orville anayang'ana mpeni, nayang'ana nyama, n'kutukumula chifuwa.

"Zaka makumi atatu si masewera, akamwini. Masiku ano zimangondiopa."

Anthu anaomba m'manja, ana kukuwa kuti ayetsemulirenso mbatata. Darlene anakhala pansi, thukuta kamukamu.

Pondigawira mwendo, a Orville anazula kamtengo kamodzi, n'kukabisa m'thumba la epuloni, nandinong'oneza:

"Alamu, mlongo wanu amaikamo makumi awiri. Chaka chamawa musaumire."