Mphini za pachibwano

Ntchito yanga yoyamba ku Birmingham inali yoyenda nyumba ndi nyumba kusambitsa okalamba. Ku Small Heath kunali mayi ena amene ndinkawafikira m'mawa uliwonse. Anali ochepa thupi, a maso akuthwa, ndipo pachibwano pawo panali mzere wobiriwira wotsika kuchokera pamlomo, ndi timadontho uku ndi uku.

Tsiku loyamba lomwelo ndinapalamula. Nditaona mpango kumutu ndi kamkeka kopemphererapo pakona, ndinawafunsa ngati ali Mluya. Anandiyang'ana ngati ndawaponda pachilonda.

"Ine ndine wa mtundu wa Amazigh," anatero m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. "Aluya anachita kutipeza m'mapiri mwathu."

Mwana wawo wamwamuna ndiye anandifotokozera kuti kwawo ndi kumapiri a ku Morocco, ndipo akunja amawatcha Berber. Iye ali mwana, chinenero cha amayi ake chinkatsala pakhomo la sukulu, m'kalasi munali Chiarabu ndi Chifalansa. Ankachimva, koma ankayankha m'Chingerezi. Zidzukulu ndiye sizinkatolapo kanthu. Mayi aja ankangoyankhula okha ali pawindo, ndipo ine zinkandipweteka chifukwa ana anga nawonso ndikawafunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi.

Mphini zija anawatema ndi amayi awo, ndi singano ndi mwaye, iwo asanakwatiwe. Ankati mkazi wa kwawo ukangomuona chibwano unkadziwa kumene wachokera. Ine ndinamasula batani la yunifomu n'kuwaonetsa zanga zapachifuwa, zimene azakhali ananditema ndikudwala ndili mwana. Anazipapasa n'kuseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo ankanditcha mwana wawo.

Thupi litayamba kuwathera m'nyengo yozizira, tsiku lina ndinawapeza chibwano chili psuu, chikutuluka timagazi. Pansi pa pilo panali kachitsulo kotsukira mapoto. Amayi ena odzawazonda anawauza kuti kudzilemba pathupi ndi tchimo.

"Ndikapita uko ndi nkhope iyi akandibweza," anatero mayi anga aja.

Ndinapsa mtima. "Mayi, munali kamtsikana inu. Munadzitema nokha ngati? Mulungu angakaneni chifukwa cha dzanja la amayi anu?"

Sanandimvere. Anandipatsa kachitini ka paudala n'kuloza pachibwano. Ndinakana. Masana ndinadandaulira mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira limodzi, iye n'kungoti, "Sisi, osamalimbana ndi ma client. Ukakana a-scrubba futi, ndiye u-reporta chani? Paka chabe."

Ankanena zoona, ndipo ndinamuda nazo. M'mawa mwake ndinapaka. Mayi aja anadziyang'ana pagalasi, anapuma mozama, n'kudya chakudya chonse. Basi inakhala ntchito yanga: kusambitsa, kudzoza mafuta, kenako kufufuta mudzi wawo pankhope. Dzanja linazolowera moti sunkaona ngakhale kadontho.

Atawagoneka m'chipatala ku Bordesley Green ndinapita kukawaona nditaweruka. Anamwino anali atawasambitsa bwinobwino, mphini zili poyera. Chingerezi chinali chitawathawa. Ankangonong'ona m'chinenero chawo, dzanja litaphimba chibwano, maso ali pachitseko ngati akudikira wodzawagwira. Mwana wawo anali pambali akulira. Anandiuza kuti m'kunong'onako akungomvapo mawu amodzi okha: odwalawo ankaitana amayi awo.

Kachitini ndinali nako m'chikwama. Ndinachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kupaka. Anatseka maso, dzanja lija n'kugwera pabulangete. Anamwalira sabata yomweyo.

Maliro atatha ndinapita kukapepesa. Pabalaza anali atapachika chithunzi chawo chachikulu, chomwe anawajambula m'miyezi yomaliza atakhala pawindo paja. Kamdzukulu kakang'ono, kamene kanali kakungoyamba kuyankhula, kanandikoka kuti ndione agogo ake. Ndinayang'anitsitsa ndikufuna mwina kadontho kamodzi katatsala. Chibwano chinali see, chosalala ngati cha khanda.

"Akuoneka bwino, eti?" anatero mwana wawo. "Munkawasamala kwambiri."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinatuluka osamaliza tiyi, ndipo pamalo okwerera basi ndinapeza dzanja langa lili mkati mwa jekete, likupapasa pachifuwa.