Tsiku Lomwe Tinaika Dokotala wa Matewera

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa ndinagona chokhala pampando mu tenti. M'nyumba, amayi a mphakati anali akuimbabe pafupi ndi bokosi la achemwali anga, a Filomena, mawu atasasa. Kunja kunali chiperoni. Phiri la Ndirande silinkaoneka, nkhuni zinali zitanyowa, ndipo amayi ophika tiyi ankakupiza moto ndi zivundikiro za mapoto, maso ali psuu ndi utsi. Mmodzi anati pamaliro ano ngakhale wouma mtima alira ndithu. Tinaseka chapansipansi.

Achemwali anagwira ntchito zaka zambiri mu labu ya pachipatala chachikulu, kufufuza kachilombo kotsegula ana m'mimba. Pofuna kukapeza, ankayenda m'mawodi ndi m'makomo kupempha chimbudzi cha makanda n'kumaika m'timabotolo. N'chifukwa chake ku Ndirande kuno ankawatcha Dokotala wa Matewera. Eni akewo dzinali ankalikonda.

Amalume athu, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Nsanje, sankafuna n'kulimva komwe. Podziwa kuti wonena mbiri ya malemu ndine, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mphwanga, za matewerazo usatchule. Lero kubwera anthu ophunzira. Ungoti anali dokotala, basi."

Ndinavomera pakamwa pokha.

Kutacha, anthu anayamba kufika. Anzawo a ku labu anasiya magalimoto kumsika chifukwa cha matope, n'kukwera chitunda wapansi, nsapato zitasanduka zofiira. Panali mayi wina wachizungu amene chitenje chinkangomuvuka, mpaka gogo wina anamumanga bwinobwino ngati mwana wake. Mavenda anatseka mabenchi awo. Koma ochuluka anali amayi oti sindinkawadziwa, ana ali kumsana.

Misa itatha, ndinaimirira. Ndinanena za kubadwa kwawo, za sukulu, za maphunziro a kunja. Nditafika pa ntchito, mawu anandithera. Ndinayang'ana amalume, iwonso anandiyang'ana. Pomwepo mayi wina chakumbuyo anakuwa: "Nenani za matewera, achimwene! Ife tabwerera zomwezo!"

Anthu onse anafa nacho chiseko, ngakhale abambo mfumu. Basi ndinamasuka. Ndinafotokoza za timabotolo tija, komanso kuti kafukufuku wawo, pamodzi ndi wa anzawo, anathandiza kuti katemera wodonthezera m'kamwa uja afike kusikelo. Kenako ndinanena chimene ambiri sankachidziwa: tili ana ku Nsanje, mng'ono wathu anamwalira ndi kutsegula m'mimba asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo amene ankamubereka tsiku ndi tsiku anali a Filomena. Amalume anawerama, chipewa chili m'manja.

Ponyamuka, chiperoni chinaleka, dzuwa n'kutuluka pang'ono. Kwaya inatsogola ndi nyimbo zachangu zimene malemuwo ankazikonda, ndipo amayi ena ankayenda chovina. Pamsewu maminibasi anaima, makondakitala ali chete, zimene sindinazionepo. Kumanda, dothi linali lofewa, adzukulu sanavutike. Amalume pothokoza anthu m'malo mwa banja anakhosomola kaye, kenako anati, "Zikomo poperekeza Dokotala wathu wa Matewera." Amayi ena analephera kupirira, anaimba nthungululu.

Madzulo mabenchi amene tinabwereka anali atabwezedwa kutchalitchi, pabwalo patatsala phulusa ndi mapazi m'matope. Mayi athu anagona msanga. Ine ndi amalume tinakhala pakhonde tikumwa tiyi, ndipo iwo anayamba okha kuyankhula.

"Kamwana kaja, mng'ono wanu uja, ndinakanyamula ndine popita kumanda. Kanali kopepuka ngati nkhuku." Anatembenukira kwa ine. "Ndiye kachilomboko, Filomena anakaona ndi maso?"

"Anakaona, amalume. Pamakina."

Anagwedeza mutu, n'kumwa tiyi wawo wozizira kale.

"Chabwino," anatero. "Bola anakapeza."