Phulusa la M'dimba la Amalume

Pomwe ndinkabwerako ku maphunziro, amayi anali atauza kale mudzi wonse ku Lobi kuti mwana wawo ndi katswiri wa nyongolotsi. Sananame kwenikweni. Zaka zitatu ndinazithera pa makina okuza tinthu tating'ono, kuyang'ana tinyongolotsi toweta m'timbale. Ndinkafufuza chinthu chimodzi chokha. Tatimuna tili ndi kromozomu ya X imodzi, kachingwe ka m'thupi konyamula chibadwa, tinzake tili ndi makromozomu a X awiri, ndipo tokhala ndi awirito timatsitsa ndi theka mphamvu ya onse awiri kuti tilingane ndi tatimuna. Zikakanika, kanyongolotsiko nthawi zambiri kamafa.

Tsiku lachitatu nditafika, amalume anandiitanira kudimba kwawo. Tomato yense anali atafota ngakhale ankathirira m'mawa uliwonse. Anazula tsinde limodzi, kukutumula dothi, n'kundionetsa mizu yotupatupa ngati mikanda.

"Akuti ndi nyongolotsi zimenezi," anatero. "Iwe ndiye unaziphunzira. Ndichite bwanji?"

Ndinayamba kuwafotokozera za makromozomu. Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

"Ndamva. Nanga tomatoyu?"

Sindinkadziwa. Nyongolotsi za m'mizu ndi zapachibale chabe ndi zanga zija, ndipo ndinali ndisanazionepo. Koma anthu awiri a madimba oyandikana anali atasendera kale kudzamvera, ndipo ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Ndinawauza amalume kuti azule zonse, athire phulusa lambiri, abzalenso tomato pomwepo. Ndinayankhula molimba mtima, mpaka kuonetsa ndi manja kuchuluka kwa phulusalo.

Anachitadi zomwezo. Akazi awo anayenda khomo ndi khomo kupempha phulusa, n'kumasenza m'ndowa kutsetserekera nalo kudimba. Ine ndinabwerera kutauni. Tomato wachiwiriyo anafota asanachite ndi maluwa omwe.

Amayi ndiwo anandiuza pafoni kuti mlangizi wa zaulimi atadutsako anawadzudzula amalume pamaso pa anthu. Anati dothi lodwala salibwereza tomato, amayamba asintha mbewu. Atawafunsa komwe anaitenga nzeru ya phulusa, amalume anayankha kuti anaganiza okha.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi nditakonzeratu mawu opepesa. Ndinawapeza amalume akupalira chimanga. Anandifunsa za ulendo, za mvula ya kutauni, kenako anati, "Ziweto zako zija zili bwino?"

Ndinati zili bwino. Ndinatenga khasu la akazi awo, tinapalira limodzi mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo sindinapepese.