Chishango cha bwana wa ku Ireland

Chishango chija chidakali pamwamba pa wadirobu ya amayi ku Lewisham. N'chakatoni, chopaka penti yofiira ndi yachikasu, ndipo ukachiyandikira umamvabe kafungo ka nsomba zouma, chifukwa katoniyo amalume anakaipempha kushopu ina ku Peckham. Ndikachiona ndimapsabe mtima ndi munthu amene anamwalira agogo a agogo athu asanabadwe.

Inali nyengo yozizira, ndili kupulayimale. Aphunzitsi athu, mayi wamtali wochokera ku Ireland, anapatsa aliyense munthu wakale woti amufufuze, ajambule mtengo wa banja lake, ndipo potseka sukulu adzavale ngati iyeyo pamaso pa makolo. Anzanga anapeza mafumu otchuka. Ine anandigwetsera bwana wina wa ku Ireland, amene makolo ake anachokera ku England n'kukalanda malo kumeneko. Koma munthuyu anandisautsa! Dzina lake linali lomwelo la bambo ake, la agogo ake ndi la mwana wake, ngati kuti kwawoko mayina anatha. Anakwatira katatu, analimbirana nyumba yamiyala ndi mng'ono wake, anamangidwa, anamasulidwa, n'kuyambiranso. Angerezi ankati wasanduka wa ku Ireland, a ku Ireland ankati ndi Mngerezi. Anali ngati mleme, wosadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa.

Amalume, alongo awo a amayi, ankayendetsa basi ku Croydon ndipo ankabwera kwathu Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Tikadya ankaimba foni ku Dedza, kumene achemwali anga ankakhala ndi agogo, kenako ankakhala pasofa n'kuyamba kufunafuna choti akonze m'moyo wathu. Tsiku lina anapeza mtengo wa banja uja patebulo.

"Akazi ali kuti apa?" anandifunsa.

Ndinayankha m'Chingerezi kuti akazi ambiri mayina awo sanalembedwe.

"Iwe, ndakufunsa m'Chichewa. Nanga malume wake wa munthuyu ndani? Alibe? N'chifukwa chake ankangomangidwa!"

Anatenga pensulo n'kujambulanso mtengo wonse kutsata kuchikazi, monga timachitira kwathu, nthambi zambiri zili zopanda mayina. Aphunzitsi anandibwezera pepalalo litafiira ndi inki. Mpaka lero sindinamvepo amalume akupepesa.

Izi zinali zazing'ono. Chimene chinandiika m'madzi n'chakuti bwana uja anapereka mwana wake wamwamuna, ali wamng'ono, kuti akaleredwe kubanja lina la a ku Ireland. Unali mwambo wawo womangira ubale. Amalume atamva zimenezi anaomba m'manja.

"Mwamva, asisi? Ngakhale azungu akale ankadziwa. Mwana saleredwa mufulati."

Anali atayamba kale kunena kuti ndikuwonongeka, kuti ndimapereka moni nditaimirira, manja ali m'thumba, ndipo kuti ndipite ku Dedza ndikamalizire sukulu kumeneko. Tsopano anapeza mboni. Bambo anga kunalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, kwathu malume ndiye mwini mbumba. Amayi sankawatsutsa. Ndi amalumewo amene anawalandira kuno, kuwagoneka pasofa yawo mpaka anapeza ntchito kuchipatala. Akamalankhula, amayi ankangoti, "Ndamva, achimwene."

Kuyambira pamenepo bwana wa ku Ireland ankadya nafe Lamulungu lililonse. Ndikaiwala kusamba m'manja, bwana uja. Ndikayankha kuti "what", bwana uja. Kenako kunabwera sutikesi yabuluu, yonunkha pulasitiki yatsopano, n'kuima kukhonde pafupi ndi nsapato. Ndinkachita mantha kwambiri. Ku Dedza ndinkangokudziwa pafoni.

Ndinathamangira kwa aphunzitsi kuti andipulumutse. Ndinawauza kuti kunyumba sakamba china koma munthu wawoyu. Iwo nkhope inawala, akuti n'zosangalatsa kuti banja lonse likukonda mbiri yakale, ndipo anandiwonjezera mapepala ena. Akuluakulu! Mwana akubwera akulira, iwo n'kumupatsa homuweki.

M'mapepalawo munali mapeto a mwana uja. Anabwerako ali wamkulu, tsitsi atameta mwa kumeneko, akulankhula chilankhulo cha amene anamulera, ndipo pankhondo ina anaima kumbali yawo, osati ya bambo ake. Ndinawerenga mokweza poganiza kuti ndapambana.

"Eya," anatero amalume, "anabwerako ali mwamuna."

Amayi anali kusita yunifolomu yawo pakona, nthunzi ikukwera pawindo. Anaimika simbi.

"Nanga mayi ake a mwanayo anati chiyani?"

Ndinatembenuza mapepala onse. Munali za ng'ombe, za malo, za mabishopu, koma za mayiyo munalibe, ngakhale dzina. Ndinawauza kuti sanalembe.

"Sanalembe," amayi anabwereza, n'kupitiriza kusita.

Tsiku lachionetsero holo ya sukulu inkanunkha majekete onyowa. Amalume anabwera atavala suti, amayi anachokera kuntchito osasintha nsapato. Ndinatuluka ndi chishango changa, ndevu zathonje zikundiyabwa, n'kunena mawu anga m'Chingerezi monyada: kuti ine bwana wakutiwakuti ndili ndi malo otere, akazi otere, ndipo mwana wanga ndamupereka kuti akaleredwe kwina chifukwa n'zothandiza banja. Anthu anaseka ndevuzo. Nditayang'ana kumene kunali amayi, mpando unali wopanda munthu.

Tinawapeza poimira basi, mvula ikuwaza. Amalume anayamba kundiyamika, ndipo posakhalitsa anafika pankhani ya matikiti a ndege yopita kumudzi. Amayi sanawayang'ane. Anandikokera pafupi, n'kuyamba kundichotsa thonje pachibwano.

"Achimwene, ndakumverani pa zonse. Koma uyu sapita. Mmodzi wakwana."

Basi inafika, tinakwera. Ulendo wonse amalume anangogwirizira chishango pamiyendo pawo. Sutikesi ija inapita ku Dedza ndi munthu wa kutchalitchi, itadzaza madiresi ndi nsapato.

Ine ndinkayenda modzitama sabata yonse, ndikuganiza kuti ndadzipulumutsa ndekha ndi sewero langa. Lamulungu lotsatira foni inaimbidwa monga mwa masiku onse. Achemwali anga, amene amayi anawasiya atangoleka kuyamwa, anabwera pafoni n'kupereka moni kwa amayi mwaulemu kuti, "Muli bwanji, anti?" Agogo anawadzudzula chapansipansi, ine n'kuseka monga ndinkasekera nthawi zonse. Sindinkamvetsa chifukwa chake amayi, akangoika foni, ankalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kwa nthawi yaitali, chonsecho anali atasamba kale.