Chanzi cha M'mabuku

Anabwera kudzanditenga Lachitatu masana, mwezi wa Ogasiti, matipate ali ndi zaka zochepa chabe. Ndinali pa tebulo la pakona mu laibulale ya koleji ya aphunzitsi, ndikulimbana ndi masamu. Mlonda wa pachipata anandigwira paphewa. "Madala, akukufunani panja." Ananena monong'ona, pakuti m'nyumba imeneyo munthu sankakweza mawu.

Panja panali apolisi awiri ndi mayi woyang'anira laibulale. Mayiyo ananyamula pepala lapulasitiki lodzaza masamba ouma. Sanandiyang'ane.

Ndinali tenanti pa esiteti ya fodya ku Dambe. Zilembo ndinazidziwa imvi zitayamba kale, kusukulu ya kwacha, ndipo chaka chimenecho ndinali nditalembetsa mayeso a Fomu 2, oti ndilembe mu Okutobala. Kukomboni ya esiteti kunalibe poti n'kuwerengera: ana, mawailesi, mikangano ya pamjigo. Akuluakulu a koleji anandilola kumakhala mu laibulale masana. Munali bata loti munthu n'kumva pepala likutembenuka mbali ina ya chipinda. Ophunzira ankanditcha "agogo a Fomu 2", koma sindinkadandaula. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanakhalepo pampando popanda wina wondifunsa chifukwa chimene sindili kumunda.

Mabuku a kumashelefu akumbuyo anali akudyedwa ndi njenjete. Zinandipweteka. Kwathu tikafuna kuteteza nyemba kwa anankafumbwe timathira masamba a chanzi m'thumba. Choncho ndinathyola chanzi kudambo, ndinachiyanika, ndipo tsiku lililonse ndinkalowetsa pang'ono pakati pa mapepala.

Lolemba la sabata lomwelo mayi uja anatsegula buku lina, masamba n'kugwera pansi. Anabwera pa tebulo langa.

"Agogo, ndinu mwaika izi? N'chiyani chimenechi?"

Mano akutsogolo ndinalibe, komanso lamulo la m'nyumbamo linali kunong'ona. Ndinanong'ona: "Chanzi, mayi."

Anabwerera m'mbuyo. "Mwaika m'mabuku angati?"

"Ambiri ndithu. Chikatha ndibweretsanso china."

Iye anamva "chamba". Miyezi imeneyo pakolejipo panali nkhani ya anyamata osuta, ndipo akuluakulu ankafunafuna munthu wakunja amene ankawabweretsera kudzera njira zachidule za m'malire a Zambia.

Kupolisi anandikhazika pansi. Wamkulu wawo anali wazaka ngati za mwana wanga woyamba.

"Munavomera nokha, pamaso pa mayi wophunzira."

"Ndinati chanzi, bwana."

"Lero chasanduka chanzi? Mawa chikhala chisoso." Anzake anaseka. "Ndiuzeni, madala, nkhalamba ngati inu imafuna chiyani pakati pa ana asukulu? Satifiketiyo mukaonetsa kumanda?"

Ndinawapempha kuti angonunkhiza. Anati mphuno si umboni, masambawo apita ku Lilongwe kukapimidwa. Kenaka anafuna mayina a ondituma ku Zambia. Ndinalibe dzina loti n'kuwapatsa. Panali paipi yapulasitiki yakuda itatsamira pakona. Za madzulo amenewo ndingonena kuti nsapato sindinavalenso mpaka mvula itagwa.

Nkhope ngati ya wapolisi uja ndinkaidziwa, pakuti inenso ndinakhalapo nayo. Nthawi ya chipani chimodzi ndinali mmodzi wa anyamata oima pachipata cha msika kufunsa makadi achipani. Anthu ankafotokoza, ena atagwada, ine makutu nditatseka. Munthu wotseka makutu sakhala wokwiya ayi, amangokhala wotopa nawe. Mwina n'chifukwa chake sindinakuwe kwambiri.

Ananditumiza kundende pa limandi, kukadikira mlandu. Tinkagona chammbali, wina akafuna kutembenuka onse tinkatembenuka. Mabuku sankaloledwa. Kuti ndisaiwale, ndinkabwereza m'mutima mitsinje ya m'dziko muno ndi matebulo a kuchulukitsa. Mkazi wanga anabwera kamodzi ndi chinangwa chophika. Anati bwana wa esiteti wapereka munda wathu kwa tenanti wina, chifukwa nazale ya fodya sidikira munthu wa mlandu.

Kukhoti ananditengerako kangapo. Nthawi zonse yankho linali limodzi: zotsatira sizinabwere.

Tsiku loyamba la mayeso ndinadzuka n'kusamba kumaso ndi madzi anga akumwa. Woyang'anira ndende atatsegula chitseko ndinamugwadira.

"Bwana, lero ndi tsiku la mayeso anga. Mundiperekeze ndi unyolo womwe, ndikalembe, mubwere nane."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupa. "Lembani pakhomapo, ankolo. Tichonga ndife."

Tsiku limenelo sindinadye.

Kumayambiriro kwa Disembala, mvula yoyamba itagwa, anandibweza kupolisi kuja. Wamkulu yemwe uja sanadzutse n'komwe mutu.

"Mlandu wanu watha. Umboni palibe."

"Wapita kuti, bwana? Si munati uli ku Lilongwe?"

Wapolisi wina amene anali pakauntala analephera kudzigwira. "Udzudzu wa chaka chino, madala! Tinafukiza. Chanzi chanu chija n'champhamvu, mudzatibweretserenso."

Masambawo sanapite kulikonse. Anali mu kabati miyezi yonseyo, ndipo aliyense wotsegula kabatiyo ankamva fungo limene mwana aliyense wa kuno amalidziwa.

"Dzipitani," anatero wamkulu uja. "Muthokoze kuti tili mu ufulu. Likanakhala kale mukanaolera momwemo."

Sananame. Ndikudziwa bwino zimene zinkachitika kale.

Patapita sabata ndinapita kukoleji. Mlonda anandiimitsa pachipata, nati lamulo lasintha, anthu akunja saloledwanso mu laibulale. Mayeso sindinalembetsenso. Mdima wa m'ndende unanditengera maso, ndipo zilembo zazing'ono tsopano zimangoyenda ngati nyerere.

Anthu amati masiku ano pakamwa n'potsegula, munthu anganene chilichonse osamangidwa. Ine ndinanena choona kwa aliyense amene anandifunsa, ndipo panalibe amene ntchito yake inali kumva. Koma chimene chimandisowetsa mtendere si paipi ija, kapena mayeso aja. Wapolisi atandiuza kuti ndithokoze, palibe anandigwira, palibe anandiopseza, chitseko chinali chotsegula kumbuyo kwanga. Ndinavula chipewa, ndinawerama, n'kuomba m'manja.

"Zikomo kwambiri, bwana," ndinatero.