Madoko Amene Tamanda Sanandiuze

Zochoka ku Malawi tinagwirizana tili pa mzere wa mafuta ku Blantyre, m'galimoto yobwereka. Dzuwa linatiwamba kuyambira m'mawa, mzere osasuntha. Tamanda, mkazi wanga, ankachonga mayeso atasanjika mapepala pamaondo. Ankaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina yoyendera. Anakweza pepala limodzi n'kundionetsa mapu a mwana amene anajambula nyanja yamchere yochepa ngati Chilwa.

"Ndimulakwitse bwanji?" anatero. "Ine mphunzitsi wake sindinaionepo. Limbani, tiye tizipita."

Ine ndinaphunzira zoyeza magazi ku koleji, ndipo chipatala china cha ku Romford, ku London, chinali chitandivomera kale, koma ndinkazengereza. Tsiku limenelo ndinasiya kuzengereza. Mafuta anatha tisanafike pa pampu.

Ku London tinapeza chipinda chimodzi m'nyumba ya anthu ambiri. Lendi inkadya malipiro anga mwezi usanakhazikike, zotsala n'kugawana pakati pa basi, magetsi ndi makolo kumudzi. Satifiketi ya uphunzitsi ya Tamanda inangokhala m'sutikesi. Anayamba ntchito yosamalira okalamba, ndipo anam'patsa gogo wina wachizungu, aDorini, wamasiye woyenda pa wilutcheya. Mashifiti athu ankasemphana. Masiku ambiri tinkakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka, n'kupatsirana makiyi ngati alonda. Lamlungu lokha ndi limene tinkakwera limodzi kupita ku tchalitchi ku Tottenham, kumene tinkamva Chichewa chotuluka m'kamwa mwa anthu ena.

Chaka chachiwiri ana a aDorini anawagulira mayi awo ulendo wa pa sitima yapanyanja, ija imayenda usiku n'kumaima m'madoko kuti anthu atsike akaone malo. Anafuna munthu wokankha wilutcheya, ndipo gogoyo anakana wina aliyense koma Tamanda. Anam'lipirira zonse, ndi viza yomwe.

Ndinamuperekeza mpaka pa siteshoni. Ndinanyamula chikwama chake, ndinam'kumbutsa za mankhwala a chizungulire, ndinamwetulira mokwanira. Koma pobwerera nsanje inandigwira. Nyanja yamchere ija inali yathu. Ndi imene inatichotsa pa mzere wa mafuta. Tsopano ankapita kukaiona koyamba ali ndi gogo amene anaiona kambirimbiri mpaka kutopa nayo.

Anabwerako atada, akuseka zilizonse. Ndinam'phikira tiyi n'kukhala pansi kuti ndimve. Iye anapukusa mutu.

"Usandifunse."

"Nanga ndikafunse ndani?"

"Ndikakuuza, ukafika kumeneko uzikangoti 'ee, ndi zija unanenazi.' Ine ndikufuna ndidzaone nkhope yako. Chaka chamawa tipita tonse. Gaidi wokuonetsa malo ndidzakhala ine, ambulera m'mwamba, iwe pambuyo ngati mwana wa Fomu 1."

Anasintha nambala yotsegulira foni yake ine ndikuona, kuti ndisasuzumire zithunzi. Mayina okha a madoko ndiwo ndinkawadziwa: Lisbon, Madeira, ndi zilumba za Canary.

Chikanakhala chinsinsi kwa aliyense, bwenzi ndikupirira. Koma Tamanda anali mphunzitsi, sakanatha kusunga phunziro m'mimba. Anauza amayi a ku tchalitchi. Anauza anzake a kuntchito. Ankaimbira mayi ake ku Lizulu n'kumacheza nawo mpaka foni kutentha, ine atandithamangitsira kukhitchini. Ndipo paliponse ankamaliza ndi mawu omwewo: "Koma mwamuna wanga musamuuze." Ndikalowa mu holo ya tchalitchi, amayi aja ankadula nkhani n'kuyamba kugwirana mapewa. "Wabwera wosayenera kumva uja!" Ndinkaseka nawo. Inali nthabwala yokoma, chifukwa inali ndi tsiku lothera.

Tsikulo silinafike. M'nyengo yozizira yomweyo Tamanda anagwa pa siteji ya basi akupita kuntchito. Magazi anaundana m'mapapo. Anam'tengera ku chipatala chomwe ndimagwira ntchito, ndipo anandiitana kuchokera mu labu ndili chivalire magolovesi. Zimenezo ndilekeza pomwepo.

Anthu a ku tchalitchi anasonkha, tinanyamula thupi kupita nalo kwawo ku Ntcheu. Za malirowo ndimakumbukira zochepa. Ndinabwerera ku Romford ndi foni yake yokiyidwa, imene ili m'kabati mpaka lero.

Patapita miyezi ndinapita kwa Anti Mercy, namwino wachikulire amene ankatitenga ngati ana ake. Ndinawathandiza kutsuka makapu titaweruka ku tchalitchi, kenaka ndinawapempha.

"Anti, za ulendo uja. Mundiuzeko ngakhale pang'ono."

Anaika kapu pansi. "Ayi, my dear. Mawu a malemu sitiphwanya. Akanakhala moyo bwenzi tikum'nyengerera. Nanga pano tikam'pempha kuti?"

"Inali nthabwala chabe."

"Ndikudziwa. Koma mwini nthabwala sanaimasule."

Ndinawathokoza mwaulemu. M'sitima pobwerera ndinawada Anti Mercy, mayi amene anayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa za bokosi la mkazi wanga. Iwo anali ndi Tamanda amene ine ndinalibe.

Wina anganene kuti malo onsewa ali pa intaneti. N'zoona, ndinawaona. Ndinaona misewu, mapiri, sitima zazitali ngati nyumba zosanjikizana, magulu a alendo akutsatira munthu wonyamula chikwangwani. Koma ine sindinkafuna Madeira. Ndinkafuna kudziwa pamene iye anachita mantha, chimene chinam'seketsa, ndi ngati anandikumbukako.

Ndinafika mpaka kwa aDorini, amene anali atawasamutsira ku nyumba yosungira okalamba, mutu utayamba kuwathawa. Nditatchula dzina la Tamanda nkhope yawo inawala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mtsikana uja! Mmene anakuwira paphiri paja!"

"Phiri liti, amayi? Anakuwa chifukwa chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati ndabweretsa tiyi. Ndinatsanzika n'kutuluka. Chinthu chimene ndinkachifuna chinali m'manja mwa munthu amene ankachitaya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, osadziwa n'komwe.

Chaka chitakwana, alamu anga aYohane, mchimwene wake wa Tamanda, anayamba kuimba. Akuluakulu ankafuna ndipite akandisudzule. Kwathu mkazi akamwalira, abale ake amakhala pansi n'kumasula mwamunayo kuti si mkamwini wawonso, akhoza kukwatira kwina. Amati n'chifundo. Ine ndinkaona ngati akufuna kundilanda chokhacho chimene ndinatsala nacho. Manda anali kwawo, nkhani zinali kwa ena, ine ndinali ndi dzina loti mwamuna wa Tamanda basi. Ndinanamizira mashifiti, ndinanamizira mtengo wa tikiti. Potsiriza ndinanyamuka, koma ndi mawu okana nditawakonza bwino m'mutu.

Ndinatsika basi pa Lizulu dzuwa lili paliwombo. Amene anadutsapo akudziwa: msewu ndiwo malire, uku Malawi uko Mozambique, madengu a tomato, kabichi ndi kachewere mbali zonse. Apongozi anga, aNangozo, akhala akugulitsa pamenepo Tamanda asanabadwe. Ndinawaona patali ndipo ndinaima kuseri kwa lole, pakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Zaka zonse za ukwati wathu tinkalonjerana chozemba, iwo atayang'ana kumbali, ine nditagwada patali, mawu enieni akudutsira mwa wina.

Ankam'thirira tomato dalaivala wa lole ija, pakamwa posatseka.

"Inu mumaliona dengu ili ngati la tomato basi. Ku Madera amakweramo anthu! Mwana wanga anakweramo, pamwamba pa phiri, ndiye atangokhala chonchi..."

Anandiona. Anadula mawu, anakoka chitenje n'kutembenukira ku Mozambique. Dalaivala uja anati, "Malizani, mayi!" Iwo anangom'patsa chenji.

Madzulo ake, tili pakhonde la aYohane, ndinalephera kudzigwira.

"Alamu, dalaivala wa lole akumva. Munthu wongodutsa, wosadziwa ngakhale nkhope yake."

"Dalaivalayo anakwatira mlongo wanga?"

"Musandiseke."

"Sindikuseka. Msika wonse ukudziwa, ndi mbuzi zomwe. Mayi akhala akufotokoza kuyambira tsiku la maliro, ndi mmene amalirira iwowo. Koma inu ayi." Anapukuta manja pa buluku. "Mayiwo andituma mawu. Akuti ngati mwabwera kudzakana, kanani, palibe akukuthamangitsani. Mukhala mkamwini wathu mpaka imvi, nkhuku tizikupherani. Koma mwamuna wa Tamanda sadzamva, chifukwa mwini wake anatero. Komanso nkhani yake ndi yaitali, alamu. Siyonenera kuseri kwa nkhokwe."

Kenaka anawonjezera, "Ndiye musankhe. Ife sitigulitsa zonse ziwiri pa mulu umodzi."

M'mawa mwake tinakhala pabwalo la nyumba ya apongozi. Amalume anga, ankhoswe a mbali yathu, anali atafika kuchokera ku Balaka. Amalume ake a Tamanda analankhula motalika: kuti ndinasunga mwana wawo bwino, kuti ndinam'bweretsa kwawo osam'siya m'dothi la eni, kuti ndikadali mwana ndipo moyo suima. Kenaka anaika kandalama kachitsulo m'mbale, chizindikiro cha kumasula, n'kuikankhira pakati.

"Tsono timve kwa mwini wake."

Mawu anga okana anali okonzeka, oyalidwa bwino ngati lipoti la mu labu. Ndinakweza maso kuti ndiyambe. Kumbali, pamene panakhala amayi, ndinaona aNangozo atayang'ana kwina monga mwa nthawi zonse. Pamiyendo pawo panali ambulera yopinda. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

Ndinaganiza za chipinda cha ku Romford, foni yokiyidwa ija, ndi ine ndikukalamba nalo dzina langa, ndikudana ndi aliyense amene Tamanda anam'seketsapo. Ndinatambasula dzanja n'kutola kandalamako. Kanali kotentha ndi dzuwa.

"Ndavomera," ndinatero.

Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono. Anthu asanabalalike n'komwe, aNangozo anadzuka, anadutsa bwalo lonse n'kudzaima patsogolo panga penipeni. Aka kanali koyamba kuwaona nkhope moyang'anizana. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, womwe uja wa Tamanda.

"Limbani," anatero, dzina limene sanalitchulepo chikhalire. "Dzuka, iwe. Sitima siidikira munthu. Wochedwa kubwerera amam'siya padoko, zake zimenezo."

Anatambasula ambulera n'kuikweza m'mwamba. Ndinawatsatira.

Pa mtengo wa pichesi anaima. "Apa ndi pa Lizibo. Amalankhula ngati a tsidya la msewuwa. Mwana wanga anakulira pamsika, ndiye ananenerera mtengo wa mpango m'Chipwitikizi mpaka wogulitsa anagwira kumutu. Gaidi anam'funsa kuti, mayi, mwachokera kuti? Iye akuti, ku Lizulu, simukudziwako?" Anandifotokozera za misewu ya miyala imene inkagwedeza wilutcheya, ndi mmene azibambo anayi anam'thandizira kunyamula gogo uja pa masitepe, gogoyo akuwalamula ngati mfumukazi.

Kenaka tinafika pa kamtunda kuseri kwa khola, pamene anali ataikapo dengu lalikulu.

"Madera ndi pano. Khalamo."

"Amayi..."

"Khalamo, wasukulu iwe. Ulendo walipira kale."

Ndinakhalamo, maondo kufika pachibwano, amalume anga akuonera.

"Lakumeneko lili ndi mpando ndi matabwa pansi. Azibambo awiri ovala zoyera, zipewa zamlaza, amalikankha kutsetsereka msewu wa tala, galimoto zikudutsa. Mzungu uja anaumirira kukwera. Mwana wanga akuti, gogo mufa, ine ndikayankha chiyani kwa ana anu? Anakwera onse. Mzungu akuseka, wanga akukuwa phiri lonse kumva."

"Ankakuwa kuti chiyani?" ndinafunsa.

"Ankati, 'Mayi ine! Mayi ine!'" Anandiyang'ana, maso atanyowa koma mpata uja ukuoneka. "Wakwinya nkhope bwanji? Umafuna aitane iwe? Ndinam'bereka ndine. Iwe anakutchula atafika pansi. Akuti, 'Apa Limbani akanasanza.'"

Ndinaseka. Kenaka kusekako kunasanduka china, ndipo ndinakhala m'dengu la tomato ndikulira momwe sindinalirire ku chipatala, m'ndege, kapena kumanda. Palibe anandiletsa. Ku London anasunga mawu a Tamanda, ndipo anachita bwino. Kuno anawasunganso osaphwanyapo ngakhale limodzi, koma anali atandikonzera khomo lolowera, ngakhale linali lakuti polowa usiye dzina panja.

ANangozo anadikira mpaka nditapukuta kumaso. Kenaka anakwezanso ambulera.

"Watha? Tiye. Kutsogoloku kuli chilumba chimene amawotcha nkhuku popanda nkhuni, moto ukuchokera pansi. Kumenekonso anakunena."